Nthungululu m'Holo ya Mayeso

Achemwali anga a Veronika akhala ku Joni kuno zaka zoposa makumi awiri, koma mukawafunsa za tawuni ino adzakuuzani misewu iwiri yokha: wopita ku Sandton kumene amagwira ntchito, ndi wobwerera ku Doornfontein kumene kuli fulati yathu. Kwina konseku amangomvera kwa ife. Ndi munthu wamfupi, wathupi pang'ono, wosakonda kukweza mawu. Manja awo amanunkhira mankhwala ochapira ngakhale Lamulungu. Mukakumana nawo pokwerera mateksi atakumbatira chikwama pachifuwa kuopa atsotsi, simungakhulupirire kuti mayi ameneyu ndi uja ankabutsa fumbi ku Ntchisi.

Komatu ndi iwowo. Ine ndine mng'ono wawo, dzina langa ndi Comfort, ndipo ndinakula ndikuwanyamulira zitenje popita ku chimtali. Kwathu kwa Malomo, a Vero akalowa m'bwalo, anyamata oimba ng'oma ankachita kulandizana chifukwa manja ankatupa. Mawu anali nawo, miyendo inali yawo, chiuno ndiye musanene. Mayi athu ankawatsekera m'nyumba kuti asinje chimanga, iwo n'kutulukira pawindo. Alamu anga a Frazer anawaonera m'bwalo momwemo, n'kuwakwatira, n'kubwera nawo kuno. Za a Frazer sindichulutsa gaga m'diwa, chifukwa ndikayamba ndipsa mtima. Anapeza mkazi wina ku Soweto mwana akadali kumsana, ndipo mpaka lero sanamugulirepo ngakhale pensulo. Zawo zithere pomwepa.

Mwanayo ndi Shalom, mmodzi yekhayo.

Atasiyidwa, achemwali anapeza ntchito ya m'nyumba ku Sandton, yogonera konko. Poyamba ankalera ana a eni nyumba. Anawo atakula anapita kunja, abwana aamuna anamwalira, ndipo anatsala ndi madamu okha, amene chaka ndi chaka ankankira kuiwala zinthu. Lero ndi nkhalamba yosati n'kuisiya yokha ngakhale kanthawi kokagula buledi, chifukwa imayatsa mbaula n'kupita kukagona. Tsiku lopuma la achemwali ndi Lamulungu basi. Amafika m'mawa, kuvala yunifomu ya Mvano, kutchalitchi, pobwera kuchapa, kuluka mwana tsitsi, Lolemba mbandakucha ulendo. N'chifukwa chake anandiitanitsa kumudzi kuti ndizikhala ndi Shalom. Ine ndimagulitsa mabulangete ndi ndowa m'shopu ina ya holoselo pafupi ndi fulati. Shalom amanditcha Mamncane, ndiye kuti amayi aang'ono m'Chizulu, ndipo ndinalephera kumuletsa.

Kwathu gule sitinkachita kuphunzira. Unkangoona akuluakulu, n'kumadzigwedeza kumbuyo kwawo mpaka tsiku lina wina n'kukukokera m'bwalo. Ndiye taganizani mmene ndinadabwira tsiku limene ndinakamutenga Shalom ku giredi R, kalasi ya tiana tosayamba n'kulemba komwe. Ndinapeza tonse tavula nsapato, mphunzitsi ali ndi kang'oma m'khwapa. Akuti yendani ngati njovu, ito tikuyenda. Akuti ulukani ngati mbalame, ito tikukupiza manja. Ng'oma ikasiya, tonse chilili ngati zitsa.

"Pepani amayi," ndinatero, "kodi kuwerenga ayamba liti? Zovinazi akhoza kupanga kunyumba."

Mphunzitsi uja anangoseka. Anati ili ndi phunziro ndithu, lili pa ndondomeko ya boma, ndipo mwana akuphunzira kumanja ndi kumanzere, kumvetsera, ndi kudikira mnzake. Ine ndinangoti chabwino, koma mumtima ndinkati anthu a kuno ali ndi nthawi yotaya.

Lamulungu nditawafotokozera achemwali, anaseka mpaka misozi.

"Gule wa kusukulu! Nanga akaphonya phazi amamuchonga ndi bolopeni yofiira?" Kenako anamuitana mwana uja. "Bwera Shalom, undionetse njovu yakoyo."

Shalom anathawira kuseri kwa katani. Anamunyengerera ndi maswiti, ayi ndithu. Ndipo zinakhala choncho zaka zonse: pamaso pa mayi ake mwana ameneyu sankavina. Mwina anali manyazi a mwana amene amaona mayi ake kamodzi pa sabata ngati mlendo. Komanso fulati yathu n'chipinda chimodzi chodulidwa ndi katani, bedi uku, mbaula uko, malo ovinira palibe. Ukangodumpha kawiri, bambo wa chipinda cha pansi amagogoda denga lake ndi ndodo ya tsache.

Ku pulayimale gule anapitirira. Ankavina m'kalasi sabata iliyonse, ndipo pa tsiku la zikhalidwe, mwezi wa Seputembala, ankavina pamaso pa makolo. Shalom anavina za Chizulu atavala mikanda, anavina gule wa majombo uja anayambira kumigodi, womenya jombo ndi zikhato, anavinanso za Chitswana. Ana omwe ankamutcha kwerekwere, dzina lonyozera obwera, pa nthawi yopuma ndi omwewo ankamulimbirana kuti akhale m'gulu lawo. Aphunzitsi ankamuika mzere wa kutsogolo chaka chilichonse. Ine ndinkakhala pa mpando wa makolo, anthu n'kumandiyamikira kuti ndinabereka bwino, ine osakana.

Achemwali sanabwereko. Si kuti sankafuna, ayi. Tsiku la tchuthi la anthu ena ndi limene wantchito wa m'nyumba amagwira ntchito kwambiri, chifukwa kumabwera alendo odzawotcha nyama, mbale n'kudzaza sinki. Zionetsero zina zinkachitika pakati pa sabata, zina Loweruka, ndipo Lamulungu sukulu sitsegula. Ndinkawajambulira pafoni. Ankaonera kambirimbiri m'kachipinda kawo ka kuseri kwa galaja, mpaka foni kutentha, koma sizinkawakwanira.

"Comfort," anandiuza tsiku lina, "gule wa pafoni ali ngati fungo la nyama ya kwa aneba. Ine ndikufuna ndidzamuone mwana wanga ndi maso angawa, ndimve pansi pakugunda. Kamodzi kokha, basi."

Sanapemphepo zambiri pa moyo wawo achemwali anga. Nyumba ya malata kumudzi sanailakelake, mwamuna wina sanamufune. Ankafuna chimenechi, ndipo chaka chilichonse ankati chaka chamawa.

Shalom ali giredi seveni zinatsala pang'ono kutheka. Achemwali anapempha chilolezo mwezi wathunthu zisanachitike, anapatsidwa, anasita ndi diresi lomwe. M'mawa wa tsikulo madamu anaterereka m'bafa n'kuthyoka dzanja, ndipo achemwali anathera tsiku lonse pabenchi ya kuchipatala atavala diresi lomwelo. Ine ndinali m'holo ndipo ndinkamuona Shalom akuvina maso ali kukhomo. Pobwerera sanafunse kanthu. Kuyambira pamenepo anasiya kuwauza mayi ake masiku a zionetsero, ankangouza ine.

Ku sekondale, zaka ziwiri zoyamba ankaphunzira gule pamodzi ndi zisudzo, nyimbo ndi zojambula. Pofika giredi teni ana amasankha maphunziro oti adzalembe pa matiriki, mayeso omaliza aja, ndipo Shalom anabwera kunyumba n'kunena kuti wasankha gule. Ine ndinakwiya zedi.

"Wapenga kodi? Anzako akusankha sayansi kuti adzakhale manesi, iwe ukuti gule? Gule anadyetsapo ndani? Mayi ako ankavina kuposa aliyense ku Ntchisi, lero akutsuka zimbudzi za azungu!"

Mphunzitsi wake wa gule, Mem Dudu, mayi wamtali wowonda wa ku Soweto, wometa mpala, anachita kubwera ku shopu kudzandiona. Anati mwanayu ali ndi mphatso, ndipo masamu ndi Chingerezi sasiya, gule angokhala limodzi mwa maphunziro akewo. Anati aliko makoleji amene amaphunzitsa zimenezi, ena amatuluka n'kukhala aphunzitsi ngati iyeyo. Ine ndinamuyankha kuti mphatso sitiphika. Koma mwini mwana ndi mwini mwana. Lamulungu lake achemwali anamvetsera mbali zonse akusenda anyezi, kenako anati, "Make mbuu, mwana mbuu. Musiye, Comfort." Nkhani inathera pomwepo.

Ndinadzaona ndekha kuti si masewera. Mwana ankabwera ndi mabuku odzaza mayina a mafupa ndi minofu, mbiri ya magule a mitundu yosiyanasiyana, ndipo ankalemba mayeso a papepala ngati a phunziro lina lililonse. M'mawa ankadzuka ine ndisanadzuke n'kumadzikoka miyendo m'khonde. Madzulo ankaviika mapazi m'beseni la madzi amchere, zala zili matuza okhaokha. Gule wake analinso wachilendo. Amavina opanda nsapato, atavala zakuda zothina zimene ine sindinazikonde ngakhale pang'ono, n'kumadzigwetsa pansi, kugubuduka, kudzuka, nthawi zina nyimbo yake yopanda ndi ng'oma yomwe. Chodabwitsa kwambiri chinali oonera. Amakhala duu ngati ali pamaliro, osatsokomola n'komwe, mpaka wovina atamaliza, ndiye kuwomba m'manja. Ine ndinazolowera pang'onopang'ono chifukwa ndinkapitako kawirikawiri.

Chaka cha matiriki chinafika achemwali asanamuonebe. Tsopano nkhani inali yoti ndi pano kapena basi, chifukwa Shalom anali atafunsira malo ku koleji ina ku Cape Town, ndipo munthu wopuma Lamulungu lokha ku Cape Town sangafikeko. Kunatsala kuvina kumodzi: mayeso enieni, pamaso pa oyesa ochokera ku boma. Mayeso amenewa makolo saloledwa kulowa. Koma Shalom, yemwe uja anasiya kuitana mayi ake, anapita yekha kwa Mem Dudu kukapempha. Mem Dudu anakambirana ndi oyesa aja, ndipo anavomera kuti makolo ochepa akhale kumbuyo kwa holo pa gawo limene mwana aliyense amavina yekha, bola akhale chete ndipo mafoni azimitse.

Shalom anawauza mayi ake osawayang'ana kumaso.

"Amayi, ngati mungathe. Ngati simungathe, shapu, palibe vuto."

Achemwali anathamanga ngati akukonza ukwati. Anaimbira foni mwana wa madamu kunja kuja mpaka anavomera. Anapempha mayi Agnes Mary, mnzawo wa ku Mvano, kuti akakhale ndi nkhalamba ija tsiku limenelo, ndipo anawatengera ku Sandton kukawaonetsa pamene pamakhala mankhwala ndi mmene amazimitsira mbaula. Anagula chitenje chatsopano chobiriwira. Ine ndinawalangiza mobwerezabwereza kuti kumeneko anthu amakhala chete.

"Ndamva, iwe," anatero. "Ukundiyesa mwana? Zaka zonsezi ndakhala chete m'nyumba ya azungu, ndilephere mmawa umodzi?"

Tsikulo linali Lachitatu. Tinakumana pageti la sukulu, iwo atachokera ku Sandton pa teksi, nkhope ili ngwee. Holo yake inali ya pansi pa matabwa. Kutsogolo kunali tebulo, pamene panakhala oyesa awiri, mayi wa magalasi ndi bambo wina wadazi, aliyense ndi mapepala ake. Ana anali atamatidwa manambala pachifuwa. Makolo tinalipo ochepa, pamipando ya pulasitiki kumbuyo. Mem Dudu anabwerezanso malamulo m'Chingerezi ndi m'Chizulu, achemwali n'kumagwedeza mutu.

Anayamba mtsikana wina, kenako mnyamata. Mnyamatayo atadzigwetsa pansi n'kumadzipinda, achemwali anandinong'oneza kuti, "Kodi mwanayu sakudwala m'mimba?" Ndinawatsina pantchafu, iwo n'kutseka pakamwa ndi mpango.

Kenako anaitana nambala ya Shalom.

Analowa pakati n'kuima, mutu chowerama. Nyimbo inayamba pang'onopang'ono, iye n'kumatambasula manja ngati akudzuka kutulo. Anazungulira, anadumpha, ndipo potera matabwa aja anagunda mpaka tinamva m'mipando yathu. Ndinamva achemwali akukoka mpweya. Ndiye pakatikati m'nyimbomo munalowa ng'oma, ndipo mwana uja anasintha. Phazi lamanzere linayamba kukwekwesa pansi, phewa linagwa mbali imodzi, chiuno n'kutembenuka mochedwa ngati sichikufuna. Abale inu! Anali a Vero enieni a kwa Malomo. Mwana amene sanapondepo ku Ntchisi, sanaonepo chimtali ndi maso. Pambuyo pake anadzandiuza kuti anazitola kwa mayi ake omwewo, mmene amagwedezekera posita zovala Lamulungu wailesi ikamaimba, eni ake osadziwa.

Ndinatembenuka kuti ndiwagwire dzanja achemwali, koma pampando panalibe munthu.

Nthungululu inang'amba holo yonse. Sindinaimvepo chichokereni kumudzi, ndipo ndinali nditaiwala kuti mayi wamfupi ameneyu ali ndi mawu otere. Anali atamanga kale chitenje m'chiuno, akuthamangira pakati chovina, mpango uli m'mwamba. Anamuzungulira Shalom akuponda ndendende ndi ng'oma ija, anamupukuta thukuta pachipumi, n'kumusomeka kandalama kapepala paphewa, pansi pa lamba wa chovala chake chothina chija.

Inu a kwathu mukudziwa. Gule akakoma sudikira kuti athe. Umalowa m'bwalo nthawi yomweyo, umalulutira, umafupa, umamupukuta wovinayo kuti adziwe kuti ali ndi abale. Kukhala phee mwana wako akuvina chonchija ndi kumunyoza, ndi kuuza anthu kuti ndi wamasiye. Achemwali malamulo anawamva ndithu, ndipo anavomera ndi mtima wonse. Koma ng'oma italira, miyendo sinafunse kumutu.

Wina anazimitsa nyimbo. M'holo munangoti zii. Mayi wina kumbuyo anawomba m'manja kamodzi n'kusiya. Ana amene ankadikira m'mbali anayamba kuseka chobisa, wina n'kunena mokweza kuti, "Hayibo!" Mayi wa magalasi uja anavula magalasi ake n'kuwaika pamapepala.

Shalom anaima chilili.

"Mama, hayi," anatero ndi mawu otsika. Kenako anakuwa m'Chichewa, chimene sankachilankhula pasukulu. "Tulukani! Amayi, tulukani!"

Achemwali anatsala ataima pakati pa holo, dzanja la mpango lidakali m'mwamba, akuyang'ana uku ndi uku ngati munthu wodzidzimutsidwa kutulo. Ndinaona kumwetulira kukuzima pankhope pawo. Mem Dudu anabwera n'kuwagwira pamkono mwaulemu. Mayi wa magalasi uja sanakalipe. Anangonena kuti mwanayu apume pang'ono, ayambirenso poyambirira, ndipo makolo onse atuluke, chitseko chitsekedwe.

Panja ndiye panavuta. Makolo ena ana awo anali asanavine, ndipo nawonso anali atapempha tchuthi kuntchito kuti adzaone. Sindingawanene kuti analakwa kukwiya. Koma bambo wina atayamba zoti makwerekwere sadziwa khalidwe, magazi anandikwera, ndinamuyandikira mpaka pamphuno n'kumufunsa ngati kwawo kulibe nthungululu. Achemwali anandikoka bulauzi.

"Usiye, Comfort. Kwa eni kulibe mkuwe. Ndalakwa ndine."

Anapita kukaima pachitseko chija n'kugunditsa khutu pathabwa. Nyimbo inayambanso mkatimo. Chimene ankamva ndi kugunda kwa mapazi basi, apa ndi apo, ndipo anaima choncho mpaka kunati zii. Ine ndinayang'ana kumbali chifukwa zinandimvetsa chisoni kwambiri.

Shalom atatuluka anatidutsa ngati mitengo, n'kukakwera teksi yekha. Achemwali anabwerera ku Sandton masana omwewo kukamasula mayi Agnes Mary.

Miyezi yotsatira inali yowawa m'nyumba mwathu. Lamulungu likafika, Shalom ankalawirira kunena kuti akukawerengera kwa mnzake, n'kubwera mayi ake atagona. Tsitsi anayamba kukalukitsa kwina. Achemwali ankaphika, n'kumusungira chakudya m'mbale yovindikira, iwo osadya. Sanadziikire kumbuyo ngakhale kamodzi. Funso lawo linali limodzi, ndipo ankandifunsa mobwereza ngati ndingakumbuke mwadzidzidzi.

"Kodi pamene ndinamudula paja, kutsogolo kwake kunali chiyani? Anatha bwanji?"

Nanga ine ndikanadziwa bwanji? Ndinali panja limodzi nawo, ndipo mafoni anali ozimitsa.

Tsiku lina ndinatopa nazo, ndinamukhazika pansi mtsikana uja.

"Iwe, mayi ako anapha munthu kodi? Manja awo aja anathetheka ndi sopo chifukwa cha ndani? Ukudziona ngati mzungu chifukwa umavina zogubuduka?"

Sanandibwezere mwano. Analira.

"Mamncane, simukudziwa. Ndinayambiranso anzanga akundiseka. Pozungulira ndinatsala pang'ono kugwa. Zaka zonse ndakhala ndikuyang'ana kukhomo kuti mwina abwera. Tsiku limodzi lomwe abwera, ndi limene ndawathamangitsa pamaso pa anthu. Ndiwayang'ane bwanji?"

Ndinkayesa kuti ndi mkwiyo wokha, osadziwa kuti mwana nayenso manyazi akumudya.

Zotsatira zinatuluka mu Januwale. Anakhoza matiriki, ndipo gule anakhoza bwino, ngakhale Mem Dudu anati ankayembekeza zoposa pamenepo. Kaya ndi chifukwa cha kudzandira kuja, kaya ndi mayeso a papepala, palibe angadziwe. Ku Cape Town anamutenga. Achemwali atamva anagwada m'khitchini ya madamu n'kupemphera, kenako anayamba kumugulira mapoto ndi bulangete. Ankalankhulana tsopano, koma za mapoto zomwezo, ndi za basi, ndi za nyengo ya kumeneko. Za tsiku lija palibe ankazitchula.

Lamulungu lomaliza asananyamuke, titabwera kutchalitchi, ine ndi achemwali tinakwera padenga la fulati kukayanika zovala. Denga lake ndi la simenti, lafulati, ndipo anthu a nyumba yonse amayanika pamenepo. Dzuwa linali likuswa mtengo. Tili mkati moyanika, Shalom anatulukira atavala zakuda zake zija, wopanda nsapato, m'manja muli tsache ndi kasipika kakang'ono. Sanatipatse moni. Anakankhira zovala za anthu mbali imodzi ya chingwe, anasesa timiyala ndi zitsekerero za mabotolo, kenako anatenga ndowa yathu, n'kuivundikira pafupi ndi khoma.

"Amayi, khalani apa."

Achemwali anandiyang'ana, n'kupukuta manja pachitenje, n'kukhala. Kenako anachita chinthu chimene sindidzaiwala. Ananyamuka pang'ono, anaika manja onse awiri pandowapo, n'kuwakhalira.

Nyimbo inayamba. Shalom anavina kuyambira poyamba, simenti ikumuotcha mapazi. Ng'oma ija italowa ndinaona mapewa a achemwali akufuna kunyamuka, koma anadziumitsa, milomo ataluma. Mwana anadutsa pamene anadulidwa paja n'kupitirira. Anazungulira mwamphamvu osadzandira, anagwa pansi ngati wathyoka, anakwawa, anayesa kudzuka n'kugwanso, ndipo kachitatu anadzuka pang'onopang'ono mpaka kuima njo, manja ali chotambasula, akupuma mwawefuwefu. Nyimbo inatha. Pansi pamsewu mateksi ankangoliza mahutala awo.

Achemwali sanasunthe. Misozi inkatsika mpaka m'khosi, koma analibe dzanja lopukutira. Anadikira, anadikirabe, kenako anafunsa ndi mawu aang'ono, ngati mmene amalankhulira ndi madamu.

"Watha, mwananga? Ndingadzuke tsopano?"

Shalom anayenda n'kudzagwada patsogolo pawo, thukuta lili kamukamu, n'kuyamba kuwasolola manja aja pansi pa ntchafu, loyamba ili, kenako linalo.